Mankhwala a Mtima ndi Mapapo m'Mbiri ya Maphunziro a Famase

Ntchito yokonza, kusunga ndi kupereka mankhwala, imene masiku ano imaphunziridwa zaka zinayi kapena kuposerapo ku yunivesite, kwa zaka mazana ambiri idali luso lamanja limene mnyamata ankatengera kwa mbuye wake m'sitolo ya mankhwala, ndipo chimene chinkafunika kwa iye chidali kuzindikira mizu, makungwa ndi masamba, kuziyanika bwino, kuzisinja mumtondo ndi kuzisakaniza monga momwe dokotala walembera. Ku Ulaya ntchitoyi idalekanitsidwa ndi ya udokotala mwalamulo m'zaka za m'ma 1200, pamene mfumu Frederick II idalamula kuti m'dziko lake la Sicily ndi kummwera kwa Italy wolemba mankhwala asakhalenso wowagulitsa, koma kulekanitsako kudasiya wamankhwala ali mwini botolo chabe, wodwala nakhala wa dokotala. Pa zinthu zimene zidasintha maphunziro a ntchitoyi m'zaka pafupifupi 250 zapitazi, mankhwala a mtima ndi mapapo ali ndi gawo lalikulu, chifukwa ambiri mwa iwo ndi ziphe zenizeni zimene zimachiza pa mlingo wina nkupha pa mlingo woposa pamenepo pang'ono chabe, ndipo ngozi zimene adabweretsa zinkakakamiza aphunzitsi kuwonjezera phunziro limene kale linkaoneka losafunika.

Vuto loyamba lidali la kutupa kwa thupi, nthenda imene akale ankaitcha mbulu, pamene madzi amadzaza miyendo, mimba ndi mapapo mpaka munthu kulephera kugona chagada chifukwa cha befu. Lero zimadziwika kuti nthawi zambiri gwero lake ndi mtima wofooka, umene, monga mjigo wotha mphira, umapopa kambirimbiri koma nkumakankha magazi ochepa, motero impso zimasunga mchere ndi madzi m'malo mozitulutsa. Asing'anga a ku Greece ndi ku Rome ankapatsa odwala otere anyezi wakutchire wa m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean wotchedwa squill, amene Dioscorides adamufotokoza m'buku lake la mankhwala m'zaka za zana loyamba, koma sankadziwa kuti mphamvu yake imagwira mtima. Ngakhale William Harvey adasonyeza mu 1628 kuti magazi amazungulira m'thupi mokankhidwa ndi mtima, padapita zaka zina zoposa 150 madokotala akuonabe mbulu ngati nthenda ya madzi payokha.

Mu 1775 dokotala wa ku England, William Withering, amene adalinso katswiri wa zomera, adafunsidwa maganizo ake pa mankhwala a banja lina la ku Shropshire, amene mayi wina wachikulire ankachiza nawo mbulu ngakhale pamene madokotala adagwa mphwayi. Mankhwalawo adali msakanizo wa zitsamba makumi awiri kapena kuposerapo, ndipo Withering adazindikira kuti champhamvu mwa zonsezo chidali foxglove, chomera cha maluwa ofiirira chimene akatswiri amachitcha Digitalis purpurea. Kuzindikira chomeracho sikudali kwachilendo kwenikweni, pakuti anthu akumudzi ankachidziwa kale. Chachilendo chidali zimene adachita m'zaka khumi zotsatira ali ku Birmingham. Iye adaona kuti mphamvu ya chomeracho imasintha malinga ndi nyengo, choncho ankathyola masamba pa nthawi imodzimodzi, maluwa akangoyamba kutuluka, nkuchotsa msempha wapakati wa tsamba lililonse, nkuwaumitsa padzuwa kapena pafupi ndi moto, kenaka nkuwafikisa mpaka asanduke ufa wobiriwira umene ukadatha kuyezedwa pasikelo. Adasiya kuwiritsa masambawo poopa kuti kuwirako kumasokoneza mphamvu yake, ndipo akuluakulu ankawapatsa greni imodzi mpaka magreni atatu kawiri patsiku, greni kukhala muyezo wakale wolingana ndi mamiligalamu pafupifupi 65.

Buku limene adasindikiza mu 1785 lidafotokoza za odwala 163, ochira ndi omwalira omwe, ndipo kusabisa zolephera kumeneku ndiko kudalipatsa ulemu umene lili nawo mpaka lero. Withering adalemba zizindikiro za munthu amene wamwa mopitirira: mseru, kusanza, chizungulire, kuona zinthu zikusanduka zachikasu kapena zobiriwira, ndi kugunda kwa mtima kotsika kwambiri. Lamulo lake lidali lakuti mankhwala aperekedwe pang'onopang'ono, motalikitsa nthawi, ndipo asiyidwe akangoyamba kugwira impso, m'mimba, matumbo kapena kugunda kwa mtima. Ngakhale adaona kuti chomeracho chili ndi mphamvu pa mtima, iye ankachitenga makamaka ngati mankhwala okodzetsa, ndipo amene adabwera pambuyo pake adatenga chomera nkusiya lamulo. Kwa zaka zambiri digitalis ankaperekedwa mwachisawawa kwa odwala chifuwa chachikulu, misala ndi khunyu, mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 pamene James Mackenzie adasonyeza kuti amathandiza kwambiri mtima umene ukugunda mothamanga ndi mosalongosoka.

Pa nthawi yomweyi sukulu zoyamba za famase zidayamba kutsegulidwa. Lamulo la ku France la mu 1803 lidakhazikitsa sukulu ku Paris, Montpellier ndi Strasbourg. Ku America, Philadelphia College of Pharmacy idayamba mu 1821. Ndipo ku London bungwe la Pharmaceutical Society of Great Britain, limene Jacob Bell ndi anzake adalikhazikitsa mu 1841, lidatsegula sukulu yake ku Bloomsbury Square chaka chotsatira. Phunziro lalikulu m'sukuluzi lidali materia medica, kutanthauza kudziwa gwero, maonekedwe, fungo ndi kasungidwe ka chinthu chilichonse chopangira mankhwala, kuti wophunzira athe kusiyanitsa tsamba lenileni la digitalis ndi masamba ofanana nalo amene amalonda achinyengo ankasakanizamo. Kemisitiri idalowa mwamphamvu Friedrich Sertürner, amene naye adali wophunzira ntchito m'sitolo ya mankhwala ku Germany, atapatula morphine m'utomoni wa opium kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, pakuti zidaonekeratu kuti m'chomera muli kanthu kamodzi kapena tinthu tingapo timene tili ndi mphamvu, ndipo kanthuko kakapezeka mlingo sudaliranso nyengo. Digitalis adavuta kwambiri pa ntchito imeneyi: Claude-Adolphe Nativelle, wamankhwala wa ku France, adapeza timibulu take cha m'ma 1869, ndipo Oswald Schmiedeberg adapatula digitoxin mu 1875 ku Strasbourg. Schmiedeberg adali wophunzira wa Rudolf Buchheim, amene mu 1847 adayambitsa ku Dorpat labotale yoyamba ya famakoloje, phunziro la mmene mankhwala amagwirira ntchito m'thupi lamoyo, koma phunzirolo lidakhala la madokotala kwa nthawi yaitali lisadafike m'makalasi a famase.

Mankhwala achiwiri aakulu a mtima wofooka adachokera m'chigwa cha Shire. Alenje a Chimang'anja ankapaka mivi yawo ulembe wochokera ku kombe, chomera choyanga m'mitengo ikuluikulu ya m'nkhalango, chimene chimabala makoko aatali awiriawiri odzaza njere zokhala ndi ubweya wouluka nazo. Njerezo ankazisinja nkuzisandutsa phala lomata limene ankapaka kuseri kwa chitsulo cha muvi, ndipo chitsulocho ankachilowetsa mosalimbitsa m'bango kuti nyama ikalasidwa bango ligwe, chitsulo chaulembe chitsale m'thupi. Mlenje ankalondola nyamayo mpaka itagwa, nkudula mnofu wozungulira bala nkutaya, yotsalayo anthu nkudya popanda vuto. M'kachitidwe kameneka mudali nzeru zitatu zimene pambuyo pake zidalembedwa m'mabuku a famakoloje ngati zatsopano: kuti mphamvu ili m'njere, kuti imapha msanga ikalowa m'magazi, ndiponso kuti yochepa imene yafalikira m'nyama siivulaza woidya.

John Kirk, dokotala ndi katswiri wa zomera wa pa ulendo wa David Livingstone wa pa Zambezi wa 1858 mpaka 1864, adatola kombe m'chigwachi natumiza ku Britain. Buku la ulendowo la mu 1865 limasimba kuti Kirk adatsuka mano ndi mswachi umene udakhala m'thumba limodzi ndi ulembewo, namva kuwawa mkamwa, ndipo adaona kuti kugunda kwa mtima wake kwatsika. Nkhani ya mswachiyi yabwerezedwa m'mabuku ambiri mwakuti owerenga angaganize kuti mankhwalawo adapezeka mwangozi, pamene zoona zake n'zakuti Kirk adasunga ulembewo chifukwa adaona kale eni dziko akuugwiritsa ntchito mwaluso. Daniel Oliver wa ku Kew adatcha chomeracho Strophanthus kombe mu 1871. Amene adachifufuza mozama adali Thomas Richard Fraser wa ku Edinburgh, yemwe adayesa ulembewo pa mitima ya achule, napatula chinthu champhamvu chimene adachitcha strophanthin, ndipo mu 1885 adauza msonkhano wa British Medical Association ku Cardiff kuti mankhwalawa amalimbikitsa mtima wofooka monga digitalis, koma mofulumira kuposa iye.

Kampani ya Burroughs Wellcome ya ku London sidachedwe kuyamba kugulitsa tincture ya strophanthus, kutanthauza njere zonyikidwa m'mowa waukali kuti mphamvu yake isungunukiremo, ndipo pofika 1898 mankhwalawa adali m'buku la British Pharmacopoeia, limene limalamula maonekedwe ndi mphamvu ya mankhwala ovomerezeka. John Buchanan, amene adabwera ndi mishoni ya Blantyre nakhala mlimi ku Zomba, ankatumiza njere kwa Fraser, ndipo African Lakes Company, imene anthu ankaidziwa ndi dzina la Mandala, inkagula njerezo kwa anthu ozithyola m'tchire nkuzitumiza kunja pamodzi ndi minyanga ndi katundu wina. Apa ndi pamene padabuka vuto limene lidasautsa amankhwala kwa zaka zambiri. Mitundu ya Strophanthus ndi yambiri mu Africa, njere zake zimafanana, koma mphamvu zake zimasiyana, ndipo matumba ofika ku London kawirikawiri adali osakanizika, mwakuti botolo lina linkakhala lofooka pamene lina la dzina lomwelo likadatha kupha. Ophunzira famase ankaphunzitsidwa kudula njere pakati nkudonthezerapo asidi wa sulufa, chifukwa ya kombe weniweni imasanduka yobiriwira. Vuto lina lidali lomwe lija alenje ankalidziwa, lakuti strophanthin salowa bwino m'magazi akadzera m'mimba, ndipo n'chifukwa chake Albert Fraenkel wa ku Germany adayamba mu 1906 kumubaya mumtsempha, njira imene idakhazikika m'dzikolo kwa zaka makumi angapo pamene ku Britain ndi ku America mankhwalawa ankazilala.

Popeza kemisitiri ya nthawiyo sinkatha kuyeza mphamvu ya digitalis kapena strophanthus molondola, makampani ndi sukulu adatembenukira ku nyama. Kuyambira 1898 Elijah Houghton wa ku kampani ya Parke-Davis ku Detroit ankayeza kuchuluka kwa mankhwala koimitsa mtima wa chule, ndipo mu 1910 Robert Hatcher ndi mnzake Brody adayambitsa njira yolowetsa mankhwala pang'onopang'ono mumtsempha wa mphaka wogonetsedwa mpaka mtima utaima, kuchuluka kumeneko nkukhala muyezo wolembedwa pabotolo. M'zaka za m'ma 1920 bungwe la League of Nations lidasunga ufa wa digitalis wovomerezeka kuti maiko onse azifanizirapo wawo. Njirazi zidali zankhanza ndi zosakhulupirika mokwanira, pakuti achule a m'chilimwe ndi a m'nyengo yozizira sankafa pa mlingo wofanana, koma ndizo zidalowetsa wophunzira famase m'labotale ya zamoyo koyamba, ndipo kuchokera pamenepo kudziwa kapangidwe ka thupi kudaleka kukhala nkhani ya madokotala okha. Zonsezi zidayamba kutha Sydney Smith wa ku Burroughs Wellcome atapatula digoxin mu 1930 kuchokera ku Digitalis lanata, chinthu chimodzi choyera chimene chikadatha kuyezedwa pasikelo.

Mankhwala a ululu wa pachifuwa umene umadza mitsempha yodyetsa mtima ikachepa njira adayenda msewu waufupi. Thomas Lauder Brunton adayesa amyl nitrite ku Edinburgh mu 1867, William Murrell wa ku London adalemba za nitroglycerin mu 1879, ndipo wamankhwala William Martindale ndiye adapeza njira yoika madzi ophulikawo m'timapilitsi ta chokoleti kuti wodwala aziyenda nato. Chifukwa chenicheni chimene mankhwalawa amatsegulira mitsempha, mpweya wa nitric oxide, chidadziwika patapita zaka zoposa zana, ndipo ofufuza ake adalandira mphotho ya Nobel mu 1998.

Kumbali ya mapapo, nthenda imene idaumba maphunziro kwambiri ndi mphumu, pamene timachubu ta mpweya timafinyika ndi kutupa mkati mwakuti mpweya umatuluka movutikira ndi kaphokoso konga likhweru. M'zaka za m'ma 1800 odwala a ku Britain ankasuta masamba a Datura stramonium, chizolowezi chimene chidachokera ku India, ndipo Henry Hyde Salter, dokotala amene naye adali ndi mphumu, adalimbikitsa khofi wamphamvu m'buku lake la mu 1860. Zonse ziwirizi zidali ndi maziko, pakuti m'masambawo muli zinthu za gulu la atropine zomasula timachubu, ndipo caffeine ndi mbale wake wa theophylline, amene Albrecht Kossel adamupeza m'masamba a tiyi mu 1888. Nagai Nagayoshi wa ku Japan adapatula ephedrine mu 1885 kuchokera ku chitsamba cha ma huang chimene asing'anga a ku China adachigwiritsa ntchito zaka zikwi, ngakhale kuti maiko a azungu adachilabadira K. K. Chen ndi Carl Schmidt atachifufuzanso ku Peking mu 1924. Adrenaline, amene Jokichi Takamine adamuyeretsa mu 1901, adakhala jakisoni wopulumutsa wobanika, koma iye, ephedrine ndi isoprenaline wa m'ma 1940 onse adali ndi chilema chimodzi: potsegula mapapo ankathamangitsanso mtima.

Amene adamasula mfundo imeneyi adali munthu wophunzira famase. Raymond Ahlquist, yemwe adatenga digiri ya famase ku University of Washington nadzaphunzitsa famakoloje ku Medical College of Georgia, adayerekeza mphamvu za mankhwala asanu ndi limodzi a gulu la adrenaline pa ziwalo zosiyanasiyana, ndipo mu 1948 adanena kuti maselo ali ndi mitundu iwiri ya timalo tolandirira uthenga wa adrenaline, timene adatitcha alpha ndi beta. Ambiri sadalabadire, kufikira James Black wa ku kampani ya ICI ataganiza kuti m'malo movutikira kuwonjezera magazi opita ku mtima wodwala, kukadakhala bwino kutseka timalo ta beta kuti mtimawo uchepetse ntchito. Zotsatira zake zidali propranolol wa m'ma 1960 ndi mphotho ya Nobel ya 1988. Mu 1967 Alonzo Lands ndi anzake adasonyeza kuti beta nayenso ali pawiri, wa mtima ndi wa timachubu ta mpweya, ndipo gulu la David Jack ku Allen & Hanburys lidatulutsa salbutamol mu 1969, mankhwala otsegula mapapo osavutitsa mtima kwambiri. Jack, mwana wa munthu wokumba malasha ku Scotland, naye adayamba ngati wophunzira ntchito m'sitolo ya mankhwala ya Boots. Kuyambira pamenepa mtima ndi mapapo sizikadathanso kuphunzitsidwa ngati mitu yosakhudzana, chifukwa propranolol yemweyo amene amateteza mtima angathe kubanikitsa munthu wa mphumu mpaka kufa, ndipo ili ndi limodzi mwa mafunso amene wophunzira famase aliyense amakumana nawo pamayeso.

Chida chopopera mankhwala mkamwa pa mlingo woyezedwa, inhaler, chidatulutsidwa ndi Riker Laboratories ku America mu 1956, ndipo chidamasula odwala ku mabotolo agalasi osweka msanga, koma patangopita zaka zochepa chidabweretsa maliro. Pakati pa 1959 ndi 1966 imfa za mphumu pakati pa ana ndi achinyamata a ku England ndi Wales zidakwera pafupifupi katatu, ndipo kafukufuku adaloza ku mtundu wa isoprenaline wamphamvu kasanu kuposa wamba, umene unkagulidwa ngakhale popanda kalata ya dokotala. Wodwala akabanika ankangopopa mobwerezabwereza, namva kupepukidwa kwa kanthawi, nachedwa kupita kuchipatala pamene kutupa kwa mkati kukukulirakulira. Boma lidachenjeza mu 1967, kugula popanda kalata kudaletsedwa chaka chotsatira, ndipo imfa zidatsika, komabe zofananazo zidachitikanso ku New Zealand kuyambira 1976 ndi mankhwala a fenoterol. Beclomethasone wopopera, amene adatuluka mu 1972, ndiye adayamba kulimbana ndi kutupa kwenikweniko, ndipo kuchokera apo padabadwa kusiyanitsa kumene wamankhwala amafotokozera wodwala pawindo, pakati pa mankhwala otsegula pachifuwa nthawi yomweyo ndi oteteza amene amapopedwa tsiku lililonse ngakhale munthu akupeza bwino.

Chodabwitsa n'chakuti m'zaka zimene mankhwala oopsawa ankachuluka, wamankhwala ndi pamene adali wosalankhula kwambiri. Mafakitale adalanda ntchito yosakaniza, wamankhwala natsala ndi kuwerenga mapilitsi, kuthira m'botolo ndi kumata pepala, ndipo malamulo a khalidwe a American Pharmaceutical Association a mu 1952 ankamuletsa kukambirana ndi wodwala za mmene mankhwala olembedwa amagwirira ntchito, lamulo limene lidachotsedwa mu 1969. Zochitika zidatsutsa dongosolo limeneli. Warfarin, amene adachokera pa kafukufuku wa Karl Paul Link ku Wisconsin wokhudza ng'ombe zimene zinkafa ndi kukha magazi zitadya msipu wovunda, adagulitsidwa koyamba mu 1948 ngati mankhwala a makoswe nkuvomerezedwa kwa anthu mu 1954, ndipo mphamvu yake yoletsa magazi kuundana imasinthasintha ndi chakudya komanso mankhwala ena ambirimbiri. Mu 1971 John Lindenbaum ndi anzake ku New York adapeza kuti mapilitsi a digoxin a makampani osiyana, ngakhale adalembedwa mlingo umodzi, ankafikitsa m'magazi mankhwala osiyana kwambiri, ndipo ku Britain kusintha kwa kapangidwe ka mapilitsi a digoxin otchedwa Lanoxin pakati pa 1969 ndi 1972 kudasintha mphamvu yawo madokotala osadziwa. Gwero lidali kukula kwa timibulu ta ufa ndi liwiro limene piritsi limasungunukira m'mimba. Motero m'maphunziro mudalowa pharmacokinetics, phunziro la mmene thupi limayamwira, kufalitsira, kuphwanyira ndi kutulutsira mankhwala, ndipo digoxin, theophylline ndi warfarin zidakhala zitsanzo zake zosasowa: digoxin amatuluka kudzera mu impso, choncho nkhalamba ya impso zofooka imafuna wochepa, ndipo mankhwala okodzetsa monga furosemide akatsitsa mchere wa potaziyamu m'magazi, mlingo umene udali wabwino dzulo umasanduka chiphe. Mu 1966 sukulu ya famase ya University of California ku San Francisco idaika amankhwala m'wodi ya chipatala kuti aziyendera odwala pamodzi ndi madokotala, ndipo mu 1990 Charles Hepler ndi Linda Strand adalemba kuti udindo wa wamankhwala ufike pa zotsatira za mankhwala mwa wodwala, osathera pa kupereka botolo.

Kuthamanga kwa magazi (BP), kumene madokotala ambiri ankakuona ngati chinthu chosafunika kuchikhudza mpaka m'ma 1940, kudapeza mankhwala ake motsatizana: chlorothiazide wokodzetsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, captopril amene adavomerezedwa mu 1981 kuchokera pa kafukufuku wa Sérgio Ferreira wa ululu wa njoka ya jararaca ya ku Brazil, ndi amlodipine pambuyo pake. Gulu la captopril limayambitsa chifuwa chouma mwa odwala ena, ndipo wamankhwala wosadziwa angagulitse mankhwala a chifuwa kwa miyezi pamene chofunika chidali kubweza munthuyo kwa dokotala. Pafupifupi kafukufuku yense wa mankhwalawa adachitikira ku Ulaya ndi ku America, ndipo padatenga nthawi yaitali kuti afunsidwe mafunso okhudza odwala a mu Africa muno. Kafukufuku wa CREOLE, amene adachitika m'maiko asanu ndi limodzi kuphatikizapo Mozambique ndi South Africa nasindikizidwa mu 2019, adapeza kuti misakanizo yokhala ndi amlodipine inkatsitsa BP kuposa msakanizo wa perindopril ndi hydrochlorothiazide.

Chifuwa chachikulu (TB) chidaphunzitsa zina. Streptomycin, amene Albert Schatz adamupeza m'labotale ya Selman Waksman mu 1943, adayesedwa ndi Medical Research Council ya ku Britain mu kafukufuku wa 1948 amene adagawa odwala mwamaere, ndipo zidaoneka msanga kuti mankhwala amodzi okha amapatsa tizilombo mpata wopima. John Crofton wa ku Edinburgh adasonyeza m'ma 1950 kuti mankhwala angapo omwedwa pamodzi mosadumphitsa amachiza pafupifupi aliyense, ndipo Karel Styblo adayesa ku Tanzania, Malawi ndi Mozambique dongosolo loyang'anira kamwedwe ndi kulemba zotsatira limene World Health Organization idalitenga m'ma 1990 pa dzina la DOTS. Rifampicin, msana wa mankhwala a TB, amafulumizitsa chiwindi kuphwanya mankhwala ena, kuphatikizapo warfarin ndi ena mwa ma ARV, ndipo m'maiko amene nthenda ya mtima yoyamba ndi zilonda zapakhosi zaubwana ikadali yofala, wodwala mmodzi angathe kufunika zonsezi nthawi imodzi.

Ku Malawi, dziko limene lidatumiza njere za kombe ku mafamase a ku Ulaya m'zaka za m'ma 1880, digiri ya famase idayamba kuphunzitsidwa mu 2006 ku College of Medicine ku Blantyre, sukulu imene idatsegulidwa mu 1991 ndipo kuyambira 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Zisadafike pamenepo amankhwala ochepa amene adalipo ankaphunzira kunja, ndipo ntchito yambiri inkagwiridwa, monga zililinso lero m'zipatala zazing'ono, ndi ophunzira a dipuloma ndi satifiketi a ku Malawi College of Health Sciences, anamwino ndi othandiza madokotala. Bungwe la Pharmacy, Medicines and Poisons Board la lamulo la 1988 lidalowedwa m'malo ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority potsatira lamulo la 2019. Maphunzirowa adayamba pa nthawi imene malungo, Edzi ndi TB zidatenga pafupifupi chidwi chonse, koma kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 adali ndi BP yokwera, ambiri osadziwa n'komwe. Zina mwa zimene wophunzira wa kuno amafunika kudziwa sizidachokere m'mabuku a ku London. Heather Zar ndi anzake ku Cape Town adasonyeza mu 1999 kuti botolo lapulasitiki la mamililita 500, lobooledwa kunsi ndi waya wotentha wopindidwa molingana ndi kamwa la inhaler, limathandiza mwana wa mphumu mofanana ndi chida chogula chotchedwa spacer, pakuti mankhwala amayamba aima m'botolomo mwana nkumawakoka mosathamanga. Kuyambira 2019 bungwe la Global Initiative for Asthma lidaleka kulimbikitsa kuti achinyamata ndi akuluakulu azidalira salbutamol yekha, ndipo lidati aliyense alandirenso mankhwala opopera ochepetsa kutupa, ngakhale kuti m'zipatala zambiri za m'chigawo chino mankhwala otetezawo amapezeka mwa apo ndi apo, ndipo odwala ena akupatsidwabe mapilitsi a salbutamol kapena aminophylline amene maiko olemera adawasiya kalekale.